Mafuta amene amawawa: zimene ndaphunzira za matenda a lipedema

Pali amayi amene kuyambira m'chiuno kupita kumtunda ndi ochepa thupi, koma kuchokera m'chiuno kutsika mpaka m'akakolo miyendo yawo ndi yaikulu, yolemera, ndipo ikagundidwa pang'ono chabe imawawa. Amayi oterewa akamagula zovala, saizi ya siketi kapena buluku imasiyana kutali ndi ya bulauzi. Akachepetsa zakudya, nkhope imaonda, mafupa a m'khosi amaonekera, mimba imaphwa, koma ntchafu sizisintha kwenikweni. Ambiri a iwo akhala akumva mawu amodzimodzi kwa zaka zambiri, kunyumba ndi kuchipatala komwe, akuti angodziletsa pakudya ndi kumayenda kwambiri. Ena mwa amayiwa ali ndi matenda okhalitsa otchedwa lipedema, ndipo ndafuna kulemba za matendawa mosamala chifukwa ndaona anthu akuphonya mbali ziwiri: ena amakaniratu kuti kuli matenda oterowo, pamene ena amakokomeza nkhaniyi mpaka mwendo uliwonse waukulu kuupatsa dzina limeneli.

Nkhaniyi inandifikira kudzera mwa achemwali anga aakulu, amene miyendo yawo inayamba kukula atangotha msinkhu, ndipo inkawonjezereka pa mimba iliyonse imene anatenga. Chimene chinkawasowetsa mtendere kwambiri sichinali kukula kwa miyendoyo ayi, koma kuwawa kwake. Mwana akakwera pamiyendo pawo kuti akhale, iwo ankachita tsinya ndi ululu, ndipo kawirikawiri ankapeza mikwingwirima yakuda pantchafu osakumbukira kuti anagunda pati. Pofika madzulo miyendo inkalemera moti kukwera masitepe inali ntchito yaikulu. Azakhali athu anali ndi miyendo yofanana ndendende, motero pabanja pathu nkhani inali yakuti ndi mmene tinabadwira basi. Mawu amenewo sanali abodza, popeza matendawa amatsatadi mtundu, koma anatseka pakamwa munthu amene ankamva ululu tsiku ndi tsiku. Atapita kuchipatala anauzidwa kuti achepetse thupi, anachepetsadi, ndipo atabwererako ali ndi nkhope yoonda koma miyendo yomwe ija, anayamba kukayikiridwa kuti mwina amadya mobisa. Panapita nthawi yaitali asanakumane ndi dokotala amene anawagwira miyendo, kuwafunsa mafunso oyenera ndi kutchula dzina la matendawo.

Matendawa si achilendo m'mabuku a zachipatala. Mu 1940, madokotala awiri a pachipatala cha Mayo Clinic mumzinda wa Rochester, ku Minnesota m'dziko la United States, Edgar Allen ndi Edgar Hines, anafotokoza za amayi amene ankabwera ndi miyendo yonenepa mofanana mbali zonse ziwiri, yowawa ikadinidwa, koma mapazi ali bwinobwino, ndipo ndiwo anayamba kugwiritsa ntchito dzina lakuti lipedema. Mu 1951, iwo pamodzi ndi Lester Wold anafalitsa lipoti la odwala 119, ndipo zizindikiro zimene analemba nthawi imeneyo ndizo madokotala akutsatirabe mpaka lero, pongosintha zochepa. Komabe panatenga zaka pafupifupi 80 kuti Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse liike matendawa pawokha m'ndandanda wake wa matenda. Ndandanda watsopanoyo, wotchedwa ICD-11, anavomerezedwa mu 2019 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022, ndipo lipedema inapatsidwa nambala yakuti EF02.2. Wina angaganize kuti nambala ndi nkhani ya m'maofesi chabe, koma matenda opanda nambala amalembedwa ngati matenda ena, odwala ake sawerengedwa, makampani a inshuwalansi salipira chithandizo chake, ndipo ophunzira udokotala amamaliza sukulu osawamvako.

Chizindikiro choyamba ndi mmene mafuta amakhalira. Amaunjikana pansi pa khungu m'matako, m'ntchafu, m'mawondo ndi m'munsi mwa mawondo, ndipo amatero mofanana m'miyendo yonse iwiri, moti mwendo wamanja ndi wamanzere imakhala yolingana. Kwa ena mafuta amathera m'mawondo, kwa ena amatsika mpaka m'akakolo, ndipo pamenepo amalekera mwadzidzidzi n'kusiya kamzera koonekeratu, ngati mmene buluku wa lasitiki kumapazi amathinira. Phazi lenilenilo limakhala laling'ono, lopanda vuto, ndipo nsapato zimakwana monga kale. Amayi ambiri amakhalanso ndi mafuta oterewa m'mikono, makamaka kuyambira paphewa kufika pachigongono, koma zikhato ndi zala sizikhudzidwa. Munthu akasisita khungu mosamala amamva timibulu ting'onoting'ono pansi pake, ndipo matendawa akapita patsogolo timibuluto timakula, khungu limakhala la mabampu, mpaka kwa ena mafuta amalendewera m'kati mwa ntchafu ndi m'mbali mwa mawondo.

Chizindikiro chachiwiri, chimene ine ndikuona kuti ndicho chofunika koposa, ndi ululu. Mafuta wamba a m'thupi sawawa. Munthu wonenepa mungamutsine pantchafu pang'ono ndipo samva kanthu kodetsa nkhawa. Mafuta a lipedema amawawa akadinidwa, ndipo kwa ambiri amawawa ngakhale osakhudzidwa, makamaka munthu akaima nthawi yaitali, akakhala malo amodzi paulendo wautali, kapena kukatentha. Ena amati miyendo imalemera, ena amati imathina m'kati ngati iphulika, ena amati imayaka. Pamodzi ndi ululuwo pamabwera mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, chifukwa timitsempha ting'onoting'ono ta magazi ta m'mafutamo timaphulika msanga. Malangizo a madokotala a ku Germany amene anatuluka mu 2024 amanena momveka kuti popanda ululu, miyendo yaikulu payokha si lipedema. Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa imateteza anthu a mbali zonse ziwiri: mayi amene ali ndi chiuno ndi ntchafu zazikulu zosawawa sakudwala, ndi mmene thupi lake linapangidwira, ndipo palibe chifukwa chomuopsezera, koma mayi amene akudandaula za ululu ayenera kumvedwa ngakhale miyendo yake isakuoneka yaikulu kwambiri.

Pali matenda ena amene amasokonezedwa ndi lipedema, ndipo kuwasiyanitsa n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. Oyamba ndi lymphedema, kumene ndi kutupa kobwera chifukwa chakuti timitsempha tochotsa madzi m'minofu tatsekeka kapena tawonongeka, mwina chifukwa cha opaleshoni ya khansa imene inachotsa anabele, mwina chifukwa cha tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, mwinanso chibadwire. Kutupa kotere nthawi zambiri kumagwira mwendo umodzi, kapena mwendo umodzi kuposa unzake, kumayambira kuphazi ndi kuzala, ndipo kumagwira amuna ndi akazi omwe. Madokotala ali ndi njira yosavuta yoyesera, imene inatchuka ndi dokotala wa ku France, Robert Stemmer, m'zaka za m'ma 1970: amayesa kutsina ndi kukweza khungu la pamwamba pa chala chachiwiri cha kuphazi. Ngati khungulo lakhuthala moti silikutsinika, ndiye kuti mwina ndi lymphedema. Kwa wodwala lipedema limatsinika bwinobwino. Kutupa kobwera ndi matenda a mtima, a impso, a chiwindi kapena a mitsempha ya magazi ya m'miyendo nakonso kuli ndi chizindikiro chake, chifukwa ukadina ndi chala pamsongolo pamatsala kadzenje kamene kamachedwa kubwerera, ndipo munthu akagona atakweza miyendo kutupako kumachepa. Mafuta a lipedema sasiya kadzenje kotero, ndipo kugona usiku wonse sikuwachotsa.

Palibe kuyeza magazi kumene kumasonyeza kuti munthu ali ndi lipedema, ndipo makina ojambula m'thupi amathandiza makamaka pochotsa chikayikiro cha matenda ena. Dokotala amadziwa matendawa pofunsa mbiri ya wodwala, pomuyang'ana ataimirira miyendo ili poyera, ndi pomugwira ndi manja. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu, chifukwa matenda odziwika mwa njira imeneyi amafuna dokotala amene anawamvapo, amene ali ndi nthawi, ndiponso amene amakhulupirira zimene wodwala akunena. Mayi akalowa m'chipinda, n'kukwera pa sikelo, n'kulembedwa kuti ndi wonenepa kwambiri asanavule n'komwe nsapato, nkhani imathera pomwepo, ndipo chilichonse chimene angadandaule pambuyo pake chimaikidwa pa kunenepako.

Asayansi sanagwirizanebe za gwero lenileni la matendawa, koma pali zinthu ziwiri zimene zimaonekera mobwerezabwereza. Choyamba ndi mahomoni achikazi, timadzi ta m'thupi toyendetsa kutha msinkhu ndi kubereka. Pafupifupi odwala onse ndi akazi, ndipo matendawa amayamba kapena kukula pa nthawi zimene mahomoni akusintha kwambiri, zomwe ndi pakutha msinkhu, pa nthawi yoyembekezera, ndi pamene mayi akusiya kusamba. Amuna ochepa kwambiri amene anapezeka nawo nthawi zambiri anali ndi vuto lina losokoneza mahomoni, monga matenda aakulu a chiwindi. Chachiwiri ndi mtundu, popeza odwala ambiri amatha kutchula mayi, agogo, azakhali kapena mchemwali amene anali ndi miyendo yofanana, ndipo chibadwachi chimatha kudzera kwa bambo amene iye mwini alibe chizindikiro chilichonse. Ofufuza amene anayang'ana mafutawa pa makina okulitsa zinthu anapeza maselo a mafuta okula kuposa masiku onse, timitsempha ta magazi tofutukuka ndi tosalimba, maselo a chitetezo cha m'thupi ochuluka, ndiponso minyewa youma yolukana pakati pa mafutawo. Zimenezi zikusonyeza kuti si mafuta wamba ongochuluka, ndipo zikugwirizana ndi zimene odwala akhala akunena za timibulu ndi mikwingwirima.

Pa funso lakuti ndi amayi angati ali ndi matendawa, ndikupempha owerenga kuti azichenjera ndi ziwerengero. Pa intaneti pamabwerezedwa kwambiri kuti amayi 11 pa 100 aliwonse ali ndi lipedema, koma chiwerengerochi n'chongoyerekeza, sichinachokere pa kalembera wa anthu wamba. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2010, amene anawerengera odwala ofika pachipatala, anapeza munthu mmodzi pa anthu 72,000, ndipo olemba ake anavomereza kuti chiwerengero chenicheni chiyenera kukhala chokwera kuposa pamenepo. Kutalikirana kwa ziwerengero ziwirizi kukungoonetsa mmene matendawa akhala akunyalanyazidwira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imautsa mkangano, ngakhale pakati pa akatswiri, yomwe ndi ubale wa lipedema ndi kunenepa. Mawu amene amamveka kwambiri m'magulu a odwala ndi akuti mafuta a lipedema samva zakudya kapena masewera olimbitsa thupi, ndipo mawuwa anabadwa pa chifukwa chomveka, poyankha zaka zambiri za kunenedwa kuti ndi ulesi ndi dyera. N'zoona kuti kuchepetsa thupi sikuchiza lipedema, sikuchotsa kusiyana kwa kumtunda ndi kumunsi kwa thupi, ndipo mayi woonda kwambiri akhoza kukhalabe ndi miyendo yowawa. Koma mu 2020, gulu la akatswiri a ku Ulaya lotsogozedwa ndi Tobias Bertsch ndi Gabriele Erbacher a pachipatala cha Földi ku Hinterzarten, m'dziko la Germany, linafalitsa mfundo zotsutsa zikhulupiriro zingapo zakale. Iwo anati lipedema si matenda a madzi ounjikana m'miyendo, kuti sikuti nthawi zonse imangokulirakulira payokha, ndiponso kuti chimene chimakulitsa miyendo kwambiri kwa odwala ambiri ndi kuwonjezereka kwa thupi lonse. Mu 2021, gulu la ku United States lotsogozedwa ndi Karen Herbst linafalitsa malangizo ake, amene amapereka malo aakulu ku vuto la madzi ndi la minyewa yogwirizanitsa minofu. Magulu awiriwa sagwirizana pa zonse, ndipo odwala ena anakhumudwa ndi mfundo za ku Ulaya poganiza kuti akubwezeredwa ku mlandu wakale uja.

Ine ndikuona kuti mfundo ziwirizi zikhoza kukhala pamodzi popanda kunyoza wina aliyense. Mayi sanadzibweretsere lipedema ndi kadyedwe kake, ndipo palibe chakudya chimene akanapewa kuti asadwale. Komabe mayi yemweyo akhoza kukhala ndi lipedema komanso kunenepa wamba nthawi imodzi, ndipo ambiri alidi ndi zonse ziwiri, mwa zina chifukwa miyendo yowawa imalepheretsa kuyenda, ndipo kusala zakudya mobwerezabwereza kumachititsa thupi kutsika n'kukweranso kuposa poyamba. Thupi likawonjezereka, mafuta ambiri amapita kumiyendo komweko, mawondo amasenza katundu wochuluka, ndipo kunenepa kwakukulu kumatha kulemetsa timitsempha tochotsa madzi mpaka lymphedema n'kubwera pamwamba pa lipedema. Choncho kuuza wodwala kuti kulemera kwake kulibe ntchito n'kumunamiza, monganso mmene kumuuza kuti akangoonda achira kulili kumunamiza. Chimene chimathandiza ndi kusunga thupi pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, ndi kadyedwe kamene munthu angakapitirize moyo wake wonse, osati kudzizunza ndi njala kwa milungu ingapo.

Ngakhale muyezo umene zipatala zimagwiritsa ntchito poweruza kunenepa umasocheretsa pa matendawa. Muyezo wa BMI umapezeka pogawa makilogalamu a munthu ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko, ndipo ukafika 30 munthu amalembedwa kuti ndi wonenepa kwambiri. Koma muyezowu sudziwa kumene kulemerako kuli, motero mayi wa mimba yaing'ono ndi miyendo yolemera amaikidwa gulu limodzi ndi munthu amene mafuta ake ali pamimba, kumene ndiko koopsa pa matenda a shuga ndi a mtima. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a lipedema amalangiza kuyezanso kuzungulira kwa pamimba n'kuyerekeza ndi kutalika kwa munthu, ndipo kwa akuluakulu ambiri muyezo wa pamimba uyenera kuchepera theka la kutalika kwawo.

Mabuku ambiri amagawa matendawa m'magawo atatu potengera maonekedwe a khungu, kuyambira losalala, kufika la mabampu, mpaka la mafuta olendewera. Magawowa amafotokoza za maonekedwe okha, ndipo sanena kukula kwa ululu, chifukwa mayi wa m'gawo loyamba akhoza kuvutika kuposa wa m'gawo lachitatu.

Mankhwala ochiza lipedema kulibe, koma njira zochepetsera ululu ndi kuteteza kuyenda zilipo, ndipo yoyamba ndi zovala zothina zachipatala. Awa si masokosi wamba ogula pongoyerekeza saizi ayi. Kwa miyendo yosiyana kwambiri kukula kwake kumtunda ndi kumunsi, pamafunika zovala zolukidwa motsatira muyezo wa mwendo wa munthuyo, za nsalu yolimba yosapindika, chifukwa zothina wamba zimakulungika n'kudula m'mawondo ndi m'akakolo. Zovalazi sizisungunula mafuta, ndipo ndi bwino wodwala adziwiretu zimenezi kuti asakhumudwe, koma zimagwira minofu kuti isagwedezeke poyenda, zimachepetsa kulemera kwa madzulo, ndipo ambiri amati ululu umatsika akamazivala tsiku lililonse. Achemwali anga anavutika nazo poyamba chifukwa kuvala kwake kumafuna mphamvu ndipo kukatentha zimasowetsa mtendere, koma atazolowera anayamba kuyenda mitunda imene anali atasiya kale. Zovalazi zimatha mphamvu pakapita miyezi ingapo ndipo zimafunika kusinthidwa, ndipo munthu amene magazi sayenda bwino m'mitsempha yopita kumapazi sayenera kuzivala asanaonedwe ndi dokotala.

Kuyendetsa thupi ndi chithandizo chachiwiri, ndipo masewera a m'madzi ndiwo amayamikiridwa kwambiri pa zifukwa zomveka. Madzi amanyamula kulemera kwa thupi kotero kuti mawondo amapuma, ndipo amapanikiza miyendo mofatsa, kwambiri kumapazi kumene ndi kozama ndi pang'ono kumtunda, monga mmene zovala zothina zija zimachitira. Sikofunika kudziwa kusambira, popeza kuyenda m'madzi ofika m'chiuno kapena pachifuwa n'kokwanira. Kupalasa njinga, kuyenda mofulumirako ndi kulimbitsa minofu ya m'ntchafu nakonso n'kothandiza, makamaka chifukwa mafuta a m'kati mwa ntchafu amakankha miyendo kuti itangadze, mawondo n'kupindikira m'kati, ndipo pakapita zaka mfundo za mawondo zimaperepeseka. Palinso kusisita kwapadera kofatsa kothandiza madzi kuyenda m'thupi, kumene kunayambitsidwa ndi Emil Vodder wa ku Denmark m'zaka za m'ma 1930. Odwala ambiri amati kumawapepuza, ngakhale kuti akatswiri amene amakana zoti m'miyendomo muli madzi ochuluka amakayikira ngati kuli kofunika kwa aliyense. Chimene onse amagwirizana n'chakuti mankhwala okodzetsa, amene amaperekedwa kawirikawiri munthu akadandaula za kutupa miyendo, sathandiza pa lipedema, ndipo kuwamwa nthawi yaitali popanda chifukwa china kumasokoneza mchere wa m'magazi.

Njira yokhayo imene imachotsadi mafutawa ndi opaleshoni yowapopa, yotchedwa liposuction. Madokotala amalowetsa madzi ambiri osakaniza ndi mankhwala ochititsa dzanzi pansi pa khungu, njira imene inayambitsidwa ndi Jeffrey Klein wa ku California m'zaka za m'ma 1980, kenaka amapopa mafutawo ndi timapaipi topyapyala tosasongoka, motsatira kutalika kwa mwendo pofuna kuteteza timitsempha tochotsa madzi. Kawirikawiri pamafunika maopaleshoni angapo motalikirana. Malipoti ambiri, makamaka a ku Germany kumene opaleshoniyi yachitika kwa zaka zambiri, amasonyeza kuti ululu ndi mikwingwirima zimachepa ndipo odwala amayenda bwino. Komabe malipoti ambiri akalewo analembedwa ndi madokotala omwe ankachita opaleshoniyo, popanda gulu lina la odwala loyerekezera nalo. N'chifukwa chake mu Malichi 2022 bungwe la NICE, limene limaunika chithandizo ku England, linagamula kuti opaleshoniyi izichitika pa lipedema ngati mbali ya kafukufuku basi, kufikira umboni wokwanira utapezeka. Ku Germany, inshuwalansi ya boma inayamba kulipira opaleshoniyi mu 2020 kwa odwala a m'gawo lachitatu okha, uku kafukufuku wamkulu wotchedwa LIPLEG akuchitika kuti ayerekeze opaleshoni ndi chithandizo chopanda opaleshoni, ndipo mu 2025 zotsatira zake zinachititsa kuti akuluakulu a zaumoyo m'dzikolo agamule zoti chithandizochi chifikire odwala a magawo onse amene njira zina zawakanika.

Sindikutsutsa opaleshoniyi, ndipo kwa mayi amene ululu wamulanda ntchito ndi tulo ikhoza kusintha moyo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene imatsatsidwira pa intaneti, ndi zithunzi za miyendo isanapopedwe ndi itapopedwa, ngati kuti nkhani yonse ndi maonekedwe. Opaleshoniyi ili ndi zoopsa zake, monga kutaya magazi, mabala kulowa tizilombo, magazi kuundana m'mitsempha, khungu kutsala lolendewera, ndi kuwonongeka kwa timitsempha tochotsa madzi ngati wochita opaleshoniyo alibe luso pa matendawa. Sichotsa chibadwa chimene chinayambitsa matendawa, thupi likawonjezereka mafuta amabweranso, ndipo ambiri amapitirizabe kuvala zothina pambuyo pake. Ndimakayikiranso kwambiri mankhwala opaka, tiyi, makapisozi ndi makina ogwedeza thupi zimene amalonda amati zimasungunula mafuta a lipedema, chifukwa anthu amene anyalanyazidwa ndi zipatala kwa zaka zambiri savuta kuwadyera masuku pamutu. Ngakhale za kadyedwe kochepetsa kwambiri zakudya zokhutitsa ndi shuga, kamene kafukufuku wochepa wasonyeza kuti kamachepetsa ululu kwa ena, ndi bwino kukayesa mothandizidwa ndi katswiri wa zakudya, makamaka kwa munthu amene anavutikapo ndi kudzimana chakudya.

Mbali ya maganizo siyenera kusiyidwa kunja, chifukwa matendawa amayamba pa msinkhu umene mtsikana amadziyang'anitsitsa kwambiri. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 amene miyendo yake yasintha mosiyana ndi ya anzake amayamba kubisala m'zovala zazitali, kupewa masewera ndi kudumpha chakudya, ndipo akaona kuti njala sikusintha miyendo amawonjezera kudzimana. Kafukufuku wa odwala lipedema amapeza kawirikawiri matenda a nkhawa, kukhumudwa kwakukulu ndi kadyedwe kosokonekera, ndipo n'zodziwika pa matenda onse a ululu wokhalitsa kuti nkhawa ndi kusowa tulo zimakulitsa ululu umene munthu amamva. Kunena zimenezi si kunena kuti ululuwo ndi wongoganizira. Malangizo a ku Ulaya ndi a ku America omwe amaika uphungu wa maganizo pakati pa chithandizo chenicheni cha lipedema, pamodzi ndi zovala zothina ndi masewera. Kwa achemwali anga, kungomva kuti vuto lawo lili ndi dzina kunawachotsera mlandu umene anadziimba kwa zaka zambiri, ngakhale kuti miyendo inali ikadali yomweyo.

Mayi amene akudzikayikira angachite bwino kupita kwa dokotala atakonzekera, chifukwa nthawi ya m'chipinda choonera odwala imakhala yochepa. Afotokoze msinkhu umene miyendo inayamba kusintha, ngati kusinthako kunagwirizana ndi kutha msinkhu, mimba kapena kusiya kusamba, achibale amene ali ndi miyendo yofanana, zimene zinachitika kumtunda ndi kumunsi kwa thupi pamene anachepetsa kulemera, ndiponso mmene ululu umamvekera ndi nthawi imene umakula. Zithunzi zakale zimathandiza, ndipo si kulakwa kupempha mwaulemu kuti dokotala aone miyendo yonse munthu ataimirira, agwire mafutawo ndi kuyesa khungu la kuphazi. Madokotala amene kawirikawiri amawadziwa bwino matendawa ndi a mitsempha ya magazi, a khungu, ndi akatswiri othandiza odwala lymphedema. Koma munthu amene anapezeka kale ndi lipedema asamaike vuto lililonse la m'miyendo pa matendawa. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi, n'kutentha ndi kuwawa m'katumba, akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, amene amatha kuthawira m'mapapo. Khungu likafiira, n'kutentha, munthu n'kutentha thupi lonse ndi kunjenjemera, tikhoza kukhala tizilombo tolowa pansi pa khungu. Zonse ziwirizi zimafuna kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo zovala zothina zivulidwe kaye mpaka dokotala ataona mwendowo.